Mimba Yaikulu Si Umboni wa Mphamvu: Uthenga kwa Abambo a Kum'mawa pa Kunenepa ndi Kubereka

Uthenga uwu ukupita kwa abambo okwatira a m'boma la Chipata ndi maboma oyandikana nalo, kwa akazi awo, komanso kwa ankhoswe ndi alangizi amene amaitanidwa banja likakhala nthawi yaitali popanda mwana. Taulemba chifukwa cha mawu amene tikuwamva kawirikawiri m'makiliniki ndi m'midzi, akuti mwamuna wojintcha, wa mimba yotuluka ndi khosi lodzaza, ali ndi magazi ambiri ndipo sangalephere kubereka, kotero kuti ngati m'nyumba mulibe mwana, vuto lili ndi mkazi basi. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo akutayitsa mabanja zaka zimene sizidzabwereranso.

Achipatala amanena kuti banja lili ndi vuto la kusabereka pamene mwamuna ndi mkazi akhala akugonana kawirikawiri kwa miyezi 12, osagwiritsa ntchito njira iliyonse yolera, koma pathupi osaoneka. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anthu 6 alionse amakumana ndi vutoli pa nthawi ina ya moyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Chimene tikufuna kuti abambo amvetsetse n'chakuti pa mabanja amene ali ndi vutoli, pafupifupi theka, vuto limapezeka mwa mwamuna yekha kapena mwa onse awiri. Komabe amene timamuona pa benchi la kuchipatala ndi mayi. Amabwera yekha, atagwira kabuku ka kuchipatala kothaitha m'mbali chifukwa choyenda nako zaka zambiri, atapimidwa kale kangapo, atamwa mizu yowawa kwa asing'anga, atasala kudya ndi kupemphereredwa. Tikamufunsa kuti, "Nanga abambo ali kuti?" amayang'ana pansi n'kuyankha kuti, "Akuti iwo alibe vuto, thupi lawo likuchita kuoneka lokha." Yankho limeneli talimva mokwanira, ndipo limatimvetsa chisoni, chifukwa thupi limene bamboyo akunyadiralo nthawi zina ndi limene labweretsa vuto.

Mutikhululukire, tilankhula mosabisa mawu. Mbewu za mwamuna zimapangidwa m'machende, ndipo kuti zipangidwe bwino pamafunika homoni yachimuna yotchedwa testosterone, pamodzi ndi mahomoni ena amene amachokera m'kachiwalo kakang'ono kokhala pansi pa ubongo. Mafuta a m'thupi, makamaka a pamimba, sangokhala phee ayi. Amatenga testosterone n'kuisandutsa estrogen, homoni imene imachuluka mwa akazi. Estrogen ikachuluka m'magazi a mwamuna, ubongo umachepetsa uthenga umene umatumiza ku machende, ndiye testosterone imatsika, mbewu zimachepa, ndipo chilakolako chogona ndi mkazi chimazilala. N'chifukwa chake abambo ena onenepa kwambiri amayamba kutuluka mabere. Palinso nkhani ya kutentha. Machende amalendewera kunja kwa thupi chifukwa amafunika kukhala ozizirirapo ndi madigiri awiri kapena atatu kuyerekeza ndi m'kati mwa thupi, koma mafuta akadzaza m'ntchafu ndi pachinena amawafunditsa, ndipo zimaipiraipira kwa bambo amene amakhala pampando tsiku lonse m'sitolo, mu ofesi, kapena pa chiwongolero cha basi ndi lole pa msewu wa Great East. Kunenepa kumakokanso matenda a shuga ndi BP, amene amawononga mitsempha yopita ku chida cha abambo mpaka chimalephera kudzuka bwino. Ngakhale kuliza mkonono kwambiri, kuja munthu amachita kubanika ali m'tulo n'kudzidzimuka, kumayendera limodzi ndi kutsika kwa testosterone.

Zoyambitsa zina zilipo ndipo tizitchula mofulumira: chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino n'kutseka njira ya mbewu, likodzo limene ambiri analitenga ali ana posamba m'madambo ndi m'madamu, matsagwidi amene anagwira munthu atatha msinkhu n'kutupitsa machende, kutupa kwa mitsempha ya m'thumba la machende, machende amene sanatsike munthu ali khanda, kusuta fodya ndi chamba, kumwa kachasu ndi mowa mwauchidakwa, komanso kupopera mankhwala a thonje ndi fodya popanda zodzitetezera. Kuwonda mopitirira muyezo nakonso kumachepetsa mbewu. Pa zonsezi, palibe n'chimodzi chomwe chimene munthu angachidziwe pongomuyang'ana bambo akuyenda pa msika wa Kapata. Pamafunika kupimidwa.

Tibwerere pa mfundo imene abambo ambiri amakana nayo. Amati, "Ine ntchito ya m'nyumba ndimagwira bwino, mkazi wanga sanadandaulepo." Abambo, kudzuka kwa chida ndi kutulutsa umuna si umboni woti munthu amabereka. Gawo lalikulu la umuna ndi madzi chabe, ndipo mbewu zenizenizo n'zazing'ono kwambiri moti zimaoneka ndi maikulosikopu yokha. Umuna wopanda mbewu n'imodzi yomwe umaoneka chimodzimodzi ndi umuna wa bambo wa ana khumi, mtundu wake ndi kulimba kwake. Anthu akamaseka kuti uje anagwa mu mpapaya amaganiza za mwamuna amene chida chake sichidzuka, koma abambo ambiri amene mbewu zawo zili zochepa alibe vuto limenelo n'komwe, ndipo n'chifukwa chake sadzikayikira. Ena amati, "Ndinaberekapo kale mwana ndisanakwatire." Mwana amene anabadwa zaka 10 zapitazo akutiuza za thupi lanu la nthawi imeneyo, muli mnyamata wopalasa njinga kuchokera kumudzi mpaka m'tauni, musanawonjezere makilogalamu 20 ndiponso shuga asanakwere. Mlimi wa kuno kwathu mbewu ikapanda kumera safulumira kutukwana munda asanaone ngati mbewuyo sinafumbwe m'nkhokwe, koma pa nkhani ya ana takhala tikuimba mlandu munda wokha.

Kudziwa ngati thupi lapyola muyezo n'kosavuta. Kuchipatala timagwiritsa ntchito muyezo wa BMI, umene umayerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu. BMI ya pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndiyo yoyenera, kuyambira 25 thupi lapyola, ndipo kuyambira 30 ndi kunenepa kodetsa nkhawa. Mwachitsanzo, bambo wamtali mamita 1.70 amene akulemera makilogalamu 90 ali ndi BMI ya 31, pamene kulemera koyenera msinkhu wakewo sikuyenera kupitirira makilogalamu 72. Ngati mulibe sikelo, tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, muchipinde pakati, kenaka muchizungulitse pamimba chapamchombo, osati m'munsi mwa mimba mmene mumamangira lamba. Ngati chingwecho sichikukumana, mafuta a pamimba achuluka. Kwa amene ali ndi tepi ya telala, mimba ya mwamuna ikapitirira masentimita 94 ndi chenjezo, ndipo ikapitirira 102 ngozi ndi yaikulu.

Tikudziwa chimene chimaletsa abambo ambiri kuchepetsa thupi, ndipo sitikuchipeputsa. Kuno kwathu mimba yaikulu imatengedwa ngati chizindikiro cha bwana, kuti zinthu zikuyenda ndipo mkazi akusamala bwino. Munthu akayamba kuwonda, anthu amanong'onezana kuti akudwala, ndipo apongozi amafunsa mwana wawo ngati wasiya kuphika. Mantha amenewa anakhazikika m'zaka zimene Edzi inkatha anthu mankhwala a ARV asanafike. Koma kuchepetsa thupi mwadala, pang'onopang'ono, munthu akudya bwino ndi kukhala ndi mphamvu, n'kosiyana kwambiri ndi kuwonda kwa matenda. Ngati mukuwonda musakufuna, mukutsokomola, mukutuluka thukuta usiku, kapena mukumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, thamangirani kuchipatala mukapimidwe TB, HIV ndi shuga. Amayi, tikukupemphani kuti mwamuna wanu akasankha kuchepetsa thupi mumuimire kumbuyo pamaso pa achibale, ndipo musamuumirize mtanda wachinayi wa nsima pofuna kuonetsa chikondi.

Sitikunena kuti musiye nsima. Chepetsani mitanda, ndipo ngati n'kotheka idyani ya mgaiwa. Ndiwo zamasamba monga chibwabwa, bonongwe, kholowa, lumanda ndi delele zichuluke m'mbale, pamodzi ndi nyemba, kapenta, mazira kapena nsomba. Saladi asamachite kuyandama pamwamba pa ndiwo. Zimene zimanenepetsa abambo ambiri m'tauni ndi zija amadya ali kunja kwa nyumba: tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi vitumbuwa m'mawa, chipisi ndi soseji masana, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, kenaka michopo ndi mowa madzulo, n'kukadyanso nsima pofika kunyumba usiku. WHO imalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, kutanthauza kuyenda ndawala kwa mphindi 30 masiku asanu, ndipo kulima, kupalasa njinga ndi kusewera mpira zonse zimawerengedwa. Kutaya makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu kumathandiza kale pa shuga, BP ndi mahomoni. Mbewu zatsopano zimatenga masiku pafupifupi 74 kuti zipangidwe, choncho kusintha kulikonse kumayamba kuoneka pakatha miyezi itatu, osati sabata imodzi. Kuchepetsa thupi kumathandiza abambo ambiri koma osati onse, chifukwa ngati njira ya mbewu inatsekeka ndi chinzonono, kuwonda sikungaitsegule. Musanene kuti, "Ndiyambe ndachepetsa thupi, ndidzapita kuchipatala chaka chamawa." Kapimidweni tsopano, kuchepetsa thupi kuzichitika uku mukudziwa kale zotsatira.

Chenjezo lalikulu ndi la mankhwala ogula pamsika ndi pa Facebook. Mutototo, gondolosi, timabotolo ndi timapaketi ta "mphamvu ya abambo" sizinatsimikizidwe kuti zimachulukitsa mbewu. Zina zimasakanizidwa mobisa ndi sildenafil, mankhwala amene ali mu Viagra, ndipo mu 2019 chakumwa china chopangidwa ku Ndola chinaletsedwa chitapezeka ndi mankhwala amenewa. Sildenafil amadzutsa chida koma sawonjezera mbewu, ndipo kwa bambo amene akumwa mankhwala ena a mtima angathe kugwetsa BP mwadzidzidzi mpaka kupha. Choopsa kwambiri pa kubereka ndi jakisoni kapena mapiritsi a testosterone, kuphatikizapo aja anyamata amabayitsa kuti atukumule minofu ponyamula zitsulo. Testosterone yochokera kunja imauza ubongo kuti homoniyi yakwana, ubongo n'kusiya kulamula machende, ndipo mbewu zimatha kutheratu kwa miyezi yambiri. Bambo amene akufuna mwana asabayitse testosterone, ngakhale atamva kuti yake ndi yotsika, pokhapokha ataonana ndi dokotala amene akudziwa kuti banjalo likufuna mwana. Tiyi ndi mapiritsi otsegula m'mimba amene amagulitsidwa kuti ndi ochepetsa thupi amangochotsa madzi m'thupi, mafuta n'kutsala pomwepo. Kwa ankhoswe ndi akuluakulu a banja, tikupempha kuti musalowetse fisi m'nyumba kapena kulimbikitsa mwamuna kukayesa kunja, chifukwa njira zimenezi zimabweretsa HIV ndi matenda ena m'banja, pamene vuto lenileni silinadziwike n'komwe.

Kupimitsa umuna sikupweteka, sikufuna opaleshoni, ndipo n'kosavuta kuyerekeza ndi zimene mayi amapimidwa. Yambirani pa kiliniki ya kwanuko muli awiri, ndipo azaumoyo akutumizani ku chipatala chachikulu monga Chipata Central kapena St Francis ku Katete ngati pakufunika kutero. Bambo amauzidwa kukhala masiku awiri mpaka 7 osagonana, kenaka amapereka umuna m'kabotolo koyera ka kuchipatala, osati m'kondomu wamba, ndipo uyenera kufika ku labotale ola limodzi lisanathe. Kumeneko amawerenga kuchuluka kwa mbewu, mmene zikuyendera ndi maonekedwe ake. Malinga ndi muyezo wa WHO wa 2021, mbewu zikakhala zosakwana 16 miliyoni pa mililita imodzi zimatengedwa kuti n'zochepa. Zotsatira zikatuluka zoipa musataye mtima kapena kupsa mtima, chifukwa ngakhale malungo kapena kutentha thupi kwa miyezi yapitayo kumatsitsa mbewu kwa kanthawi, ndipo n'chifukwa chake timabwereza kupimako. Zotsatira zanu ndi chinsinsi cha inu ndi azaumoyo. Tsiku lomwelo pemphani kuti akupimeni shuga, BP ndi kulemera.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi. Mphamvu ya mkazi yotenga pathupi imatsika ndi zaka, makamaka akapitirira zaka 35, kotero kuti bambo amene wakana kupimidwa kwa zaka zisanu angathe kudzavomera pamene vuto lake lochizika lakumana ndi msinkhu wa mkazi wake. Ngati mwatha chaka chimodzi popanda pathupi, bwerani nonse awiri mwezi uno. Ngati mayi ali ndi zaka 35 kapena kuposerapo, musadikire chaka, bwerani pakatha miyezi 6. Ndipo ngati bambo ali ndi chotupa kapena ululu m'machende, akutuluka mafinya, akukodza magazi, kapena chida chasiya kudzuka, asadikire ngakhale miyezi imeneyo, apite kuchipatala sabata ino atatenga mankhwala onse amene wakhala akumwa, a kusitolo ndi achikuda omwe, kuti dokotala awaone.