Madola a Phiri la Mulanje ndi kutha kwa mkungudza

Mu Julaye 2025 komiti ya UNESCO itakumana ku Paris, inaika Phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ndi chilengedwe ofunika pa dziko lonse. Malawi tsopano ali ndi malo atatu otere, powerengera paki ya Nyanja ya Malawi imene inalowa mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni zimene zinalowa mu 2006. Ulemuwu unapeza mkangano uli mkati, chifukwa kampani ya Akatswiri Mineral Resources ikufuna kukumba miyala ya bauxite pamwamba pa phirili, ku Lichenya ndi ku Linje, pomwe mafumu ena ndi mabungwe a zachilengedwe akukana. Kwamvekanso mawu akale aja, oti tsopano opereka thandizo abwera ndi ndalama zosamalira phiri. Komatu ndalama zotere zinabwerapo kale, zochuluka ndithu, ndipo mtengo umene zinabwerera unatha ndalamazo zili m'banki.

Mtengowo ndi mkungudza. Mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha, pamwamba kwambiri, m'makwawa ndi m'mphepete mwa nkhalango za mitengo yosayoyoka masamba. Umatha kutalika mpaka mamita 40. Thabwa lake limanunkhira, chiswe sichilidya, ndipo siliwola msanga m'madzi, n'chifukwa chake okhoma maboti a pa Nyanja ya Malawi amalifuna. Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito ndi Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda pa nthawiyo, anakwera phirili mu 1891, ndipo dzina la sayansi la mtengowu, Widdringtonia whytei, linachokera kwa iye. Boma la atsamunda linayamba kucheka mkungudza zaka zomwezo. Mu 1927 phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma, ndipo mu 1984 Kamuzu Banda anati mkungudza ndiwo mtengo wa fuko.

Zaka za pakati apo tingazidutse mwachangu, kupatula zinthu ziwiri zimene zinadzavuta pambuyo pake. Choyamba ndi paini wa ku Mexico, Pinus patula, amene a zankhalango anadzala ku Chambe ndi malo ena. Matabwa ake ankatsika pa chingwe chachitsulo kuchokera ku Chambe, ndipo anthu ambiri a m'munsi mwa phiri ankadyera pomwepo. Koma painiyu anafesa njere zake paliponse ndi kulanda malo a mkungudza. Chachiwiri ndi nsabwe za m'mitengo zimene zinalowa m'dziko muno cha pakati pa zaka za m'ma 1980 ndi kuumitsa mikungudza yambiri ili chiimire. Mitengo youmayo ndiyo inadzatsegula khomo limene tilione kutsogoloku.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, mantha amene anthu anali nawo pa mlonda wa nkhalango anatha, ndipo nthambi ya zankhalango inayamba kuchepekedwa antchito ndi ndalama. Pa mapepala zinthu zinkaoneka bwino: ndondomeko ya zankhalango ya 1996, lamulo losamalira chilengedwe la 1996, ndi lamulo la zankhalango la 1997 limene linalola kuti anthu a m'midzi azisamalira nkhalango za boma pamodzi ndi nthambiyi. M'nthawi yomweyi anthu ena okonda phirili anakhazikitsa bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, lodziwika ndi dzina loti MMCT. Mu 2000 UNESCO inazindikira phirili ngati malo osungirako zamoyo zosiyanasiyana.

Pamene nkhaniyi inakhotera ndi 2001. Chaka chimenecho thumba la zachilengedwe la Global Environment Facility, kudzera ku banki yaikulu ya World Bank, linavomereza thandizo la madola 6.75 miliyoni la Phiri la Mulanje. Sinali ngongole. Chachilendo chinali kagawidwe kake. Gawo laling'ono linali loyambira ntchito: ofesi, magalimoto, kafukufuku ndi maphunziro a m'midzi. Gawo lalikulu, pafupifupi madola 5.5 miliyoni, linali mpamba wosakhudzidwa. Mpambawu unkayenera kuikidwa m'misika ya ndalama kunja, bungwe n'kumagwiritsa ntchito phindu lokha chaka ndi chaka, monga nkhuku yoikira imene mumadya mazira ake osaipha. Ganizoli linali lanzeru. Mapulojekiti ambiri amatha pa zaka zitatu kapena zisanu, pomwe mkungudza umatenga zaka makumi ambiri kuti ukule. Ndalama za m'madola sizikanagwanso limodzi ndi kwacha, komanso sizikanadutsa ku thumba lalikulu la boma kumene ndalama zimalowa mosavuta koma kutuluka movutikira.

Tiyeni tiwerengere pang'ono. Tiyerekeze kuti mpamba wa madola 5.5 miliyoni ukubala madola 5 pa 100 alionse pa chaka. Phindu lake ndi madola 275,000. Nkhalangoyi ndi yoposa mahekitala 50,000, ndiye kuti hekitala iliyonse ikulandira madola pafupifupi asanu pa chaka, malipiro a antchito ndi mafuta a galimoto asanachotsedwe. Maboma a Mulanje ndi Phalombe anali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ambiri ali ndi timinda tating'ono chifukwa malo abwino ali m'manja mwa maesiteti a tiyi. Ndalama imene inkamveka yoopsa pa wailesi inali yochepa ikafika paphiri. Misika ya ndalama itagwa pa dziko lonse mu 2008, zinaonekeranso kuti phindu la mpamba si chinthu chodalirika chaka chilichonse. N'chifukwa chake bungweli linapitiriza kupempha mathandizo ena: boma la Norway linaikapo ndalama kwa zaka zingapo, ndipo USAID, nthambi ya boma la America yopereka thandizo, inalipira pulojekiti ya MOBI+LISE yothandiza anthu ozungulira phiri kupeza njira zina zopezera ndalama.

Kuchepa kwa ndalama silinali vuto lalikulu. Vuto linali loti ndalama zinaikidwa m'dzanja lina, mphamvu zili m'dzanja lina. MMCT si mwini wa nkhalango. Lamulo la 1997 limapereka mphamvu kwa mkulu wa nthambi ya zankhalango: ndiye amapereka ziphaso zodulira mitengo, alonda ake ndiwo amagwira anthu ndi kulanda macheka ndi matabwa, ndiyenso amasaina mapangano ndi midzi. Bungwe linali ndi galimoto, mafuta ndi ndalama za alawansi, koma silikanatha kuchotsa ntchito mlonda wolandira ziphuphu kapena kuletsa chiphaso. Nthambi inali ndi lamulo koma nthawi zambiri inalibe ngakhale nsapato za alonda. Mlonda wa boma wolandira malipiro ochepa ankagwira ntchito moyandikana ndi wantchito wa bungwe wolandira bwino, ndipo nsanje ndi kukayikirana sizikanalephera. Nkhani yoti pakhale pangano la lamulo logawana mphamvu pakati pa boma ndi bungweli inakambidwa kwa zaka zambiri. Lipoti lowunika thandizo la Norway, limene linatuluka mu 2010, linakhalitsa pa ubale womwewu wa bungwe, nthambi ndi anthu a m'midzi.

Tsopano khomo lija. Lamulo linkalola kupereka ziphaso zocheka mkungudza wouma wokha. Pa pepala n'zomveka: mtengo unafa kale, bwanji ungowola? Koma wocheka akakhala ndi chiphaso m'thumba ali ndi chifukwa chokhalira m'nkhalango masabata angapo, ali ndi dzenje lake lochekerapo, ndipo thabwa likatsika palibe angasiyanitse la mtengo wouma ndi la wamoyo. Ena ankasenda khungwa kuzungulira tsinde kapena kuyatsa moto pansi pa mtengo kuti chaka chamawa uwerengedwe wouma. Chiphaso chimodzi chinkatha kuperekeza matabwa ambiri kuposa amene chinalembedwera. Ziphaso zitaimitsidwa, malonda sanaime, chifukwa ogula analipobe ndipo mtengo wa thabwa unakwera. Amene ankagwidwa kawirikawiri ndi mnyamata wosenza thabwa pamutu kutsika nalo ku Likhubula kapena ku Fort Lister, wolipidwa ndalama ya ganyu. Mwini ndalama amene ankadikira ndi lole sankakwera phiri.

Mkungudza uli ndi chofooka china chimene chimafuna ndalama za chaka ndi chaka. Ukadulidwa kapena kupsa suphukanso pa chitsa. Mbande zake zimafuna kuwala, choncho zimamera m'mphepete mwa nkhalango, pomwe udzu umayandikira ndipo moto umafika. Moto umodzi wa mu Seputembala kapena Okutobala, woyatsidwa ndi osaka nyama, umapha mbande za zaka zambiri. Chitetezo chake ndi kulambula njira zotchinga moto udzu usanaumitsitse, kutentha msanga malo ena mwadala moto ukadali wofooka, ndi kuika anthu oyang'anira nyengo yonse ya chilimwe. Ndalama za ntchitoyi zikachedwa miyezi iwiri, sizithandizanso chaka chimenecho. Apa thumba la MMCT linagwiradi ntchito, ndipo ngakhale otsutsa bungweli amavomereza kuti linalemba anthu ambiri ganyu yolambula njirazi.

Pa paini ndiye panabuka chidani. Kwa akatswiri, kuchotsa paini kunali kofunika kuti mkungudza upeze malo. Kwa anthu a m'munsi mwa Chambe, paini anali ntchito, matabwa ndi nkhuni. Iwo anaona bungwe lobwera ndi ndalama zakunja likugwetsa mitengo imene inkawadyetsa, kwinaku likuwauza kuti asadule mitengo. Mayankho a sayansi analipo, koma munthu amene wataya ganyu samva msanga za mbewu zolanda malo. Mphekesera zoti phiri lagulitsidwa kwa azungu zinamera m'nthaka imeneyi, ndipo zinakula pamene kampani ya Springstone inayamba kufufuza miyala yosowa ya rare earth ku Chambe komweko cha mu 2011.

Nanga lonjezo la 1997 loti midzi izisamalira nawo nkhalango? Njira yake ndi yaitali. Mudzi umasankha komiti yoona zachilengedwe. Nkhalango imagawidwa m'zigawo, malire n'kuyendedwa pamodzi ndi mafumu. Anthu ndi alangizi amawerenga mitengo ndi zina zopezeka m'chigawocho, n'kulemba dongosolo lonena masiku otola nkhuni, kuchuluka kwa nsungwi ndi udzu wofolera, malo oika ming'oma ya njuchi, ndi chindapusa cha wophwanya malamulo. Kenako pepalalo limapita ku likulu kukasainidwa. Sitepe iliyonse imafuna msonkhano, mafuta ndi alawansi, ndipo opereka thandizo amalipira zonsezi mokondwa chifukwa n'zosavuta kuwerenga mu lipoti: makomiti angapo apangidwa, anthu angapo aphunzitsidwa. Kusainako ndi kumene sikugulika ndi thandizo. Komanso zigawo zimene midzi inapatsidwa zinali za m'munsi, za mitengo ya miombo, nkhuni ndi udzu. Mkungudza, chuma chenicheni cha phirili, sunali m'gulu la zogawana. Anthu anapemphedwa kulondera chinthu chimene phindu lake silikanawafika mwa njira ya lamulo.

Ziwerengero zimene zilipo n'zochokera kwa ofufuza osiyana, zaka zosiyana, ndipo ena ankayeza malo pomwe ena ankawerenga mitengo, choncho sizilumikizana bwinobwino. Komabe zonse zikuloza kumodzi. Mu 1989 mkungudza unali pa mahekitala 1,462. Mu 2004 anatsala pafupifupi 845. Kalembera wa 2014 anapeza mitengo yamoyo yokhwima yoposa 38,000 ndi youma yoposa 25,000. Mu 2017 ofufuza anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. Nambala yomalizayi tiyenera kuimva ngati mitengo imene anthu anatha kuifikira ndi kuiona, pakuti phirili lili ndi maphompho osafikika. Ngakhale titaichulukitsa kangapo, tanthauzo lake silisintha. Zindikiraninso nthawi yake: kugwa kwakukulu kunachitika pakati pa 2014 ndi 2017, thumba lija lilipo kale kwa zaka zambiri, dziko lili m'chipwirikiti cha Cashgate, opereka thandizo atasiya kuthira ndalama mu bajeti ya boma.

Mkwiyo wa anthu unaonekera poyera pa nkhani ya madzi. Bungwe la Blantyre Water Board litapeza ngongole ya madola 23.5 miliyoni kuchokera ku India kuti litenge madzi a mtsinje wa Likhubula kupita nawo ku Blantyre, gulu la Citizens for the Protection of Mulanje linatsekereza ntchitoyi, likunena kuti mitengo iyambe yadzalidwa paphiri madzi asanapite ku tauni. Gulu lomweli linkatsutsanso MMCT. Njira zake zinali zaukali ndipo zonena zake zina zinalibe umboni, koma funso lake linali lomveka: matabwa apita, madzi akupita, ndalama zimabwera m'dzina la phiri, nanga ife a m'munsi mwake tatsala ndi chiyani? Anthu omwewa ndiwo amakumana ndi Napolo, monga zinachitikira ku Phalombe mu Malichi 1991 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Thandizo lotsatira linayesa kukonza mbali imeneyi. Kuyambira 2016 mpaka 2019 boma la Britain, kudzera mu thumba la Darwin Initiative, linalipira pulojekiti ya bungwe loona za zomera la Botanic Gardens Conservation International, MMCT ndi nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM. Njere zinachokera ku mikungudza imene inadzalidwa kale malo ena monga pa Phiri la Zomba. Midzi yozungulira Mulanje inakhazikitsa manazale, ndipo mbande zinkagulidwa kwa anthuwo ndi ndalama, kotero kwa nthawi yoyamba mkungudza unabweretsa ndalama yovomerezeka m'mudzi. Mbande mazanamazana a zikwi zinakwezedwa paphiri. Zambiri zinafa ndi moto ndi chilala, zina zinagwira. Lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020, zilango zinakwera. Koma thandizo la manazale linali la zaka zitatu, pomwe mbande yodzalidwa mu 2018 ifunika kulambuliridwa njira yotchinga moto chaka chilichonse kwa zaka makumi angapo. Mu 2025 boma la America linatseka USAID, imodzi mwa nthambi zimene zinkalipira ntchito za nkhalango m'Malawi, ndipo mayiko ena a ku Ulaya, kuphatikizapo Britain, alengeza zochepetsa thandizo lawo la kunja.