Sikirini ya OLED imayamba kukalamba ndi buluu

Sabata yatha mayi wina anabwera pa shopu yanga ku Kamwala ndi foni yomwe sikirini yake inali itachita chikasu, ndipo m'munsi munkaonekabe chithunzithunzi cha kiyibodi ngakhale atatsegula chithunzi cha mwana wawo. "Bambo, mungopukuta," anatero. Ndinawauza kuti sichipukutika, chifukwa timadontho towala timene timapanga chithunzi pa sikirini ya OLED tinatha mphamvu msanga pamalopo kuposa tinzake.

Mu sikirini ya OLED mulibe nyale kumbuyo ngati mu sikirini za mtundu wina zotchedwa LCD. Kadontho kalikonse kamadziwalira kokha magetsi akadutsa m'mankhwala a kaboni opakidwa mopyapyala kwambiri. Yoyamba kugwira ntchito bwino anaipanga Ching Tang ndi Steven Van Slyke ku kampani ya Kodak mu 1987. Koma mankhwala a nthawi imeneyo ankamwaza magetsi: pa magawo anayi, limodzi lokha ndilo linkasanduka kuwala, atatu n'kuthera m'kutentha. Mu 1998 gulu la Stephen Forrest ndi Mark Thompson linaonetsa njira yokololera magawo atatu aja poika chitsulo cholemera m'mankhwalawo, poyamba platinum, kenako iridium.

Kufiira ndi kubiriwira zinapindula nazo. Buluu ndiye wavuta mpaka lero, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Kuwala kwa buluu kuli ndi mphamvu yochuluka moti kumaphwanya mankhwala omwe akukutulutsawo, makamaka a njira yatsopanoyi. N'chifukwa chake mafoni ambiri amagwiritsabe ntchito buluu wa mtundu wakale uja, wodya batire. Buluu akazilala, zoyera zimayamba kuoneka zachikasu, monga pa foni ya mayi aja.

Opanga sakugona. Kampani ya LG Display inaika deuterium, mtundu wolemera wa haidirojeni, m'mankhwala ake mu 2022 kuti azilimba, ndipo iPad Pro ya 2024 ili ndi OLED ziwiri zosanjikizana kuti zizigawana katundu, iliyonse isamapanikizike.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zambiri timawononga tokha ndi kutentha. Dzuwa la Okutobala lili phwee, foni ili pa dashibodi ya minibasi, kuwala kuli pamapeto, chaja ili mkati. Tsitsani kuwalako, ndipo musamaonere mavidiyo ikuchajidwa, ngakhale malaiti atabwera kwa maola ochepa. Yatsani dark mode, yomwe imadetsa malo ambiri pa sikirini, poti pakuda paliponse timadontho timakhala titazima, tikupuma. Sikirini ikachita mng'alu musazengereze, chifukwa chinyezi ndi mpweya zikalowa mumaona kabanga kakuda kakufalikira ngati inki, ndipo pamenepo sitikonza, timasintha sikirini yonse.