Chifukwa chake agogo oiwala amakumbukirabe nyimbo

Achibale amene akusamalira okalamba odwala matenda oiwala, omwe madokotala amawatchula kuti dementia, amadabwa kuona munthu amene sakudziwanso dzina la mdzukulu wake, ngakhale kukumbukira ngati adya nsima masana, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndime zonse osaphonya liwu. Kuno ku Blantyre, kaya ndi ku Ndirande kapena ku Bangwe, ena amati agogowo akungonamizira kudwala, ndipo ena amafika powaganizira zaufiti. Onsewa amalakwitsa, chifukwa nkhani yagona pa mmene ubongo umasungira nyimbo.

Zimene zachitika lero ndi dzulo zimasungidwa kudzera m'kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, ndipo kameneka ndi kamodzi mwa malo amene matenda a Alzheimer's, omwe ndi mtundu umodzi wa dementia, amayambira kuwononga. Nyimbo imene munthu waiimba kwa zaka zambiri sikhala pamalo amodzi ayi. Imakhazikika m'mbali yomvera mawu, m'mbali yolamulira kayendedwe ka thupi, n'chifukwa chake phazi limayamba kugunda pansi lokha ng'oma ikalira, komanso m'mbali zimene zimautsa chimwemwe ndi chisoni, ndipo zina mwa mbali zimenezi zimachedwa kuwonongeka. Zokhalitsa kwambiri ndi nyimbo za paunyamata, choncho agogo a zaka 80 muwaimbire za m'zaka za m'ma 1960, osati zimene zili m'foni mwanu.

Odwala sitiroko nawonso amaonetsa zofanana. Ena amene sangathenso kulankhula amatha kutchula mawu omwewo poimba, ndipo mu 1973 akatswiri a ku Boston ku America anafalitsa njira yophunzitsira odwala otere kulankhulanso poyambira pa kuimba.

Nanga pa nkhawa? Munthu akapanikizika m'maganizo, thupi limatulutsa homoni ya cortisol, mtima umathamanga ndipo kupuma kumakhala kwapamwamba. Nyimbo yodekha imathandiza kubweza zimenezi. Mu 2011 ofufuza a pa yunivesite ya McGill ku Canada anaonetsa kuti munthu akamamvera nyimbo imene amaikonda, ubongo umatulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe okhudzana ndi chisangalalo, amenenso amatuluka tikamadya chakudya chokoma, ndipo amayamba kutuluka ndime yokomayo isanafike n'komwe. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inaphatikiza kafukufuku wambiri n'kupeza kuti odwala ochitidwa opaleshoni amene ankamvera nyimbo anali ndi ululu ndi nkhawa zocheperako. Ine ndimaona kuti kuimba m'kwaya kumaposa kumvera pawekha, popeza oimba amapuma mozama ndiponso amakhala pakati pa anzawo.

Komabe tisakokomeze. Nyimbo sichiza dementia, ndipo silowa m'malo mwa mankhwala a BP kapena uphungu kwa wodwala maganizo. Zija zoti mwana akamamvera nyimbo za Mozart, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Ulaya, amakhala wanzeru zinachokera pa kafukufuku wa mu 1993 amene anachitika pa ophunzira a payunivesite, osati pa makanda, ndipo kusinthako kunkatha pasanadutse mphindi 15. Palinso vuto la phokoso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha nyimbo zokweza, ndipo amene amakweza mahedifoni kuti apose chiphokoso cha m'minibasi ya ku Limbe adziwe kuti timaselo ta mkati mwa khutu tikafa, sitimeranso.