Zotsala za m'dimba la gulu zimafuna tsiku lake lopereka

Dimba la gulu likabereka bwino, zonse zimapsa nthawi imodzi. Tomato afiira pamodzi, kabichi wayamba kung'aluka, maungu aunjikana, ndipo aliyense watenga kale zomukwanira. Zikatere, kupititsa zotsalazo kumalo ogawira chakudya anthu osowa ndi ganizo labwino. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cholimidwa padziko lapansi limatayika kapena kuwonongeka, choncho dengu lililonse lopulumutsidwa lili ndi phindu. Koma ife alangizi a mbewu za m'dimba timaona kawirikawiri mphatso yoperekedwa ndi mtima wonse ikuthera kudzala, chifukwa inafika tsiku lolakwika.

Malo ambiri ogawira chakudya anazolowera zinthu zouma ndi zam'chitini. Ang'onoang'ono amatsegula kamodzi kapena kawiri pa sabata, amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo ena alibe firiji. Mukawatulira masamba Lachiwiri pomwe amagawa Loweruka, mwawasiyira ntchito yotaya zowola. Yambani mwawafunsa tsiku ndi ola limene amagawa, kuchuluka kwa mabanja amene amabwera, ngati ali ndi malo ozizira, ndiponso zimene anthuwo amakonda kutenga. Tsiku lokolola lichokere pa mayankho amenewo.

Chifukwa chake chili m'mbewu momwemo. Tsamba kapena chipatso chikathyoledwa sichifa pompo. Chimapitiriza kupuma, kutentha shuga amene chinasunga ndi kutaya madzi, koma muzu woti ubwezeretse kulibenso. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kupumako kumawirikiza kawiri, pena katatu. N'chifukwa chake timati kololani m'mawa mame atangouma, ikani pamthunzi nthawi yomweyo, ndipo musasiye zokolola m'galimoto yotseka padzuwa. Gwiritsani ntchito makreti osazama, chifukwa tomato wapansi m'thumba lalikulu amaphwanyika, ndipo wophwanyika mmodzi amawoletsa anzake.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi mpweya wa ethylene, umene zipatso monga tomato, nthochi ndi maapozi zimatulutsa zikamapsa. Mpweyawu umasandutsa masamba obiriwira kukhala achikasu, choncho musaike zipatsozi ndi masamba m'kreti imodzi. Tomato yemweyo sakonda kuzizira kwambiri: pansi pa madigiri 10 amataya kakomedwe ndipo yemwe sanapse bwino sapsanso moyenera. Anyezi wouma bwino khosi, maungu okhwima osathyoka phesi ndi mbatata zimadikira masabata angapo. Masamba ayenera kufika tsiku lomwelo. Kutsuka? Ngati simungathe kuumitsa, ingokuntani dothi, poti chinyezi chimafulumizitsa kuwola.

Pa ukhondo sindinyengerera. Pakati pa olandira pamakhala ana, okalamba, amayi oyembekezera ndi odwala, amene matenda a m'mimba amawagwetsa msanga. Chipatso chimene chagwa n'kuphulika, chodyedwa ndi makoswe kapena chokhala pafupi ndi ndowe za ziweto chipite ku kompositi. Ngati munapopera mankhwala ophera tizilombo, werengani pa botolo masiku oyenera kudikira musanakolole, ndipo m'dimba la anthu ambiri funsani mwini mzere uliwonse, osangoganizira. Pa manyowa aawisi, malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala ku United States amafuna masiku 120 pakati pa kuthira ndi kukolola mbewu zimene gawo lake lodyedwa limakhudza nthaka, ndi masiku 90 kwa zimene silikhudza. Ndi muyeso wabwino kuutsatira kulikonse. Karoti wopindika kapena biringanya laling'ono alibe vuto, koma chimene inu simungadye musapereke.

Ena amaopa kuimbidwa mlandu wolandira chakudyacho akadwala. Ku United States lamulo la Bill Emerson Good Samaritan Food Donation Act la 1996 limateteza wopereka chakudya ndi mtima wabwino, kupatula ngati wachita mosasamala kwambiri kapena walakwa mwadala. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndiye funsani olandirawo zimene amaloledwa kutenga, makamaka zophikidwa kapena zosungidwa m'mabotolo kunyumba, zimene malo ambiri amakana.

Kwa ine, njira yoposa zonse ndi kusiya kudalira zotsala mwangozi. Ndondomeko ya Plant a Row for the Hungry, imene olemba nkhani za ulimi wa m'madimba ku America anayambitsa mu 1995, inapempha wolima aliyense kuwonjezera mzere umodzi wa anthu osowa. Gulu likatero limasankha mbewu zimene olandira amazifuna, limadzala mosiyanitsa masabata awiri kapena atatu kuti zisapsere pamodzi, ndipo limasankha munthu mmodzi wolankhulana ndi malo ogawirawo. Munthuyo azilemba makilogalamu amene aperekedwa, azifunsanso zimene zinatsala osatengedwa, kuti chaka chamawa mzerewo udzadzalidwe china.