Bondo limavulala maganizo ali pa mpira

Atsikana osewera ntchemberembaye amene amabwera kudzachita mafizo atavulala bondo, ambiri nkhani yawo ndi imodzi. Palibe anawagunda. Anangodumpha kuti awakhe mpira, potera n'kumva kulira m'kati mwa bondo, mwendo n'kufooka pomwepo. Pofika madzulo bondo latupa ngati dzungu.

M'kati mwa bondo muli mitsempha iwiri yolimba, yopingasana ngati mtanda, imene imamanga fupa la ntchafu ku fupa la msongolo. Wakutsogolowo madokotala amautcha ACL. Ntchito yake ndi kuletsa fupa lam'munsi kuti lisaterereke kupita kutsogolo kapena kupotokoka. Mwa osewera 10 oduka mtsemphawu, pafupifupi 7 amakhala sanagundane ndi munthu, ndipo pa masewera ofanana akazi ndi amene umawadukira kawirikawiri kuposa amuna. Susankhanso kuti uyu ndi katswiri: Mwai Kumwenda unamudukira mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia.

Chimene ambiri sadziwa ndi kufulumira kwake. Akatswiri amene anaunika makanema a osewera akuvulala anapeza kuti mtsemphawu umaduka phazi litangoponda pansi, m'kanthawi kosapitirira magawo 50 a sekondi imodzi yogawidwa ka 1,000. Kuphethira kwa diso kumachedwa. Ndiye kuti palibe mpata woti munthu amve kuti wapondera molakwika n'kukonza. Ubongo uyenera kukhala utauziratu minofu ya m'ntchafu ndi ya m'matako chochita, munthuyo adakali m'malere.

Apa ndi pamene nkhani ya maganizo imalowera. Taganizirani zimene zili m'mutu mwa mtsikana amene ali m'mwamba uja: mpira ukubwera, mdani ali pambali, akufunafuna mnzake woti am'patsire masekondi 3 asanathe, komanso akukumbukira lamulo loti phazi loyamba kuponda akalinyamula lisapondenso mpira uli m'manja. Ubongo suchita zonsezi bwinobwino nthawi imodzi, china chimatsalira. Ofufuza amadumphitsa anthu pa chitsulo choyeza mphamvu ya kutera, kenaka n'kuwapatsa ntchito ina, monga kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo kapena kufikira mpira wopachika m'mwamba. Munthu yemwe uja anatera bwino poyamba, tsopano amatera mouma: mawondo osapinda mokwanira, phazi likumenya pansi mwamphamvu. Bondo likakhala lowongoka chonchi, makamaka likagweranso m'kati, katundu amene akanasenza minofu amagwera mtsempha uja.

Mungaganize kuti mankhwala ake ndi kumuuza wosewera kuti aziganizira bondo lake. Makochi ambiri amatero, amakuwa ali panja kuti "pinda mawondo!" Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Mayi wosenza ndowa yodzaza madzi saganizira za khosi lake. Maso ali kunjira, thupi likudzikonza lokha. Mutamuuza kuti aziyang'anira khosi, madzi ayamba kutayika. Wofufuza wina, Gabriele Wulf, wakhala akuonetsa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti munthu amaphunzira kayendedwe ka thupi mwamsanga akaika maganizo pa chinthu chakunja kapena pa chotsatira cha zimene akuchita, kusiyana n'kumaganizira chiwalo chimodzichimodzi. Kuganizira chiwalo kumaumitsa thupi. Ndipo pa tsiku la mpikisano palibe amene angakumbukire bondo, mpira uli m'mwamba.

Choncho mawu amene ndimakonda ndi akuti "tera ngati mphaka, ndisamve phokoso". Kafukufuku anaonetsa kuti kungouza munthu kumvetsera kulira kwa mapazi ake potera kumachepetsa mphamvu imene amamenyera pansi. Pa mabwalo athu a simenti khutu limamva bwino lomwe, ndipo silifuna ndalama. Wina amathandizika mukamuuza kuti atere ngati akukhala pa mpando uli kumbuyo kwake. Kwa amene mawondo amagwera m'kati, ndimaika mabotolo awiri kutsogolo, ndikuti mawondo aloze mabotolowo ngati nyali za galimoto.

Akazolowera kutera bwino pamalo abata, ntchito yangoyamba kumene. Muponyereni mpira. Kenaka muponyereni mosayembekezera, mbali iliyonse. Kwezani zala ali m'mwamba kuti atchule kuti ndi zingati, kapena muuzeni mbali yokhotera atadumpha kale. Ngati pamenepo wayambanso kunjanja, ndiye kuti kutera kwabwino kuja sikunakhazikike.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa mphamvu. Minofu yofooka kapena yotopa singagwire bondo, maganizo akhale pabwino chotani. Mapulogalamu otenthetsa thupi monga FIFA 11+ ya mpira wa miyendo ndi KNEE ya bungwe la Netball Australia amaphatikiza kulimbitsa minofu, kuima ndi mwendo umodzi ndi kuphunzira kutera, ndipo amathandiza akamachitidwa kangapo pa sabata.

Amene anachitidwa opaleshoni ya ACL ndimawaona akudumpha maso ali pa bondo lovulala lija, ngati akuliopa kuti lithawa. Nthawi zambiri pamafunika miyezi 9 kapena kuposerapo asanabwerere m'bwalo, koma ine sindiyang'ana kalendala yokha. Ndimafuna ndione akutera mwakachetechete ndi mwendo umodzi, maso ali pa mpira, ine ndikuwafunsa zimene anadya dzulo.