N'chifukwa chiyani nkhondo za ku Ulaya zinkakonda sabata ya 21 mpaka 24 June?

Chaka china m'mwezi wa June, kunja kuli chiperoni, ndinkaphunzitsa ana a Fomu 4 za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Aliyense anali atabisa manja m'juzi, ena akulemba cholembera chikunjenjemera. Nditalemba pa bolodi kuti Hitler analowa m'dziko la Soviet Union pa 22 June 1941, mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, tsiku lija munatiuza kuti Napoleon nayenso analowa ku Russia pa 24 June. Ndiye kuti masiku amenewa ali ndi malodza? Nanga munthu wanzeru zake angayambe nkhondo kukuzizira chonchi?" Anzake anaseka, koma ine sindinaseke, chifukwa funso lakelo ndi limene akuluakulu ambiri amalephera kufunsa akamamvera pa wailesi ndandanda ya zimene zinachitika tsiku ngati lalero.

Tiyambe ndi kuzizirako. Ife tili kumwera kwa dziko, ndipo pa 20 kapena 21 June ndi pamene usana wathu umafupika kwambiri pa chaka: ku Lilongwe dzuwa limakhala kunja maola 11 ndi mphindi zochepa. Kumpoto zinthu n'zotembenuka. Tsiku lomwelo ku London kumawala maola oposa 16 ndi theka, ndipo ku St Petersburg pafupifupi maola 19, moti usiku wake sufika pochita mdima wandiweyani. Kwa iwo apa ndiye pakatikati pa chilimwe. Chipale chofewa chinasungunuka kalekale, matope auma, mitsinje yaphwera, msipu wakula.

Msipuwo ndi umene ukufotokoza za Napoleon. Gulu lake la nkhondo, la anthu oposa 400,000, linawoloka mtsinje wa Niemen pafupi ndi tauni ya Kovno, imene lero ndi Kaunas ku Lithuania, kuyambira pa 24 June 1812. Chilichonse chinkakokedwa ndi akavalo: mizinga, ufa, zipolopolo, mahema. Chakudya cha akavalo ochuluka chotero sichinyamulika pa ngolo, chifukwa ngoloyo imakokedwanso ndi kavalo amene akufuna kudya. Choncho mtsogoleri ankadikira kuti udzu wa m'njira ukule. Akafulumira, ziweto zifa ndi njala. Akachedwa, chisanu chimupeza asanamalize. Mpata wake unali wa miyezi inayi basi. Ngakhale anawerengera motero, mvula yamkuntho inagwa masiku oyambirira omwewo, akavalo anjala anadya mbewu zosakhwima m'minda, ndipo zikwizikwi anafera m'mphepete mwa msewu adani asanaombe n'komwe mfuti. Napoleon analowa mu Moscow pa 14 September, anapeza mzinda wopanda anthu ukuyamba kuyaka, ndipo anatulukamo pa 19 October. Amene anabwerera kwawo anali kagulu kochepa chabe.

Patapita zaka 129 Hitler anali ndi akasinja ndi ndege, koma nyengo inali yomwe ija. Anthu ambiri sadziwa kuti asilikali a Germany analowa ku Soviet Union ndi akavalo pafupifupi 600,000, poti malole anali osakwana. Poyamba anakonza zonyamuka pakati pa May. Nkhondo ya ku Yugoslavia ndi Greece inawadyera nthawi, komanso chaka chimenecho mitsinje ya kum'mawa kwa Ulaya inachedwa kuphwera. Ndiye mbandakucha wa Lamlungu pa 22 June, nthawi itangopitirira 3 koloko, asilikali oposa 3 miliyoni anawoloka malire kuyambira ku nyanja ya Baltic mpaka ku Black Sea. Pofika October mvula inasandutsa misewu phala, magalimoto anatitimira, ndipo pa 5 December, ali pafupi ndi Moscow, asilikali a Soviet Union anawatembenukira. Dzikolo linataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pa nkhondo yonseyo, ndipo mpaka lero ku Russia 22 June ndi tsiku lokumbukira ndi kulira.

Mtsikana uja ndinamuyankha ndi funso: kodi kumudzi kwanu maukwati, zinamwali ndi kumanga ziliza zimachuluka mwezi uti? Anati anthu akakolola. Ndinati basi, wayankha wekha. Palibe amene amati August ali ndi malodza a ukwati. Ndi nthawi imene m'nkhokwe muli chimanga ndipo njira zimapitika. Ngakhale Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, kumapeto kwa chilimwe madzi atachepa. Tikudziwa mwezi wake chifukwa akuluakulu anasunga mbiri yakuti tsikulo dzuwa linada masana, ndipo akatswiri a zakuthambo anapeza kuti kadamsana anachitikadi m'dera limenelo mwezi umenewo.

Si nkhondo zokha zimene nyengo imakokera m'sabatayi. Joe Louis, wankhonya wakuda wa ku America, anatenga lamba wa dziko lonse pa 22 June 1937 ku Chicago, ndipo pa 22 June 1938 anagwetsa Max Schmeling wa ku Germany m'masekondi 124 okha pa Yankee Stadium ku New York. Nkhonya zikuluzikulu zinkachitikira pa bwalo losafolera, ndipo bwalo lotero limadzaza bwino kukamatentha. Maradona anagoletsa ndi dzanja pa 22 June 1986 ku Mexico City, Argentina n'kugonjetsa England 2-1, chifukwa mpikisano wa World Cup umaikidwa nthawi imene maligi a ku Ulaya ali pa tchuthi. Umboni wake ndi wa 2022: mpikisano utapita ku Qatar, kumene June amawotcha ngati ng'anjo, anausunthira ku November ndi December.

Pali masiku ena amene nyengo siikhudzidwa kwenikweni, koma anthu amachita kuwasankha kuti tsikulo lilankhule. Hitler yemweyo anali katswiri wa mwano wotere. France itagonja, anaitanitsa bogi ya sitima imene Germany inasainiramo kugonja pa 11 November 1918, anaitulutsa m'nyumba yosungiramo zakale, n'kuiika pamalo omwe aja m'nkhalango ya Compiègne, ndipo Afalansa anasainira mmenemo pa 22 June 1940. Apa anasankha malo. Ena amati a Soviet Union anamubwezera pa kalendala: nkhondo yawo yaikulu ya ku Belarus, yotchedwa Bagration, inayamba pa 22 ndi 23 June 1944, patatha zaka zitatu ndendende kuchokera pamene Hitler analowa m'dziko lawo. Kenako pa 24 June 1945, mvula ikugwa ku Moscow, Marshal Zhukov atakwera kavalo woyera anayendera perete wa chipambano, ndipo asilikali anaponya pansi mbendera za Germany pafupifupi 200 patsinde pa manda a Lenin.

Anzathu a ku Mozambique anachitanso chimodzimodzi, koma mwachimwemwe. Chipani cha FRELIMO chinakhazikitsidwa ku Dar es Salaam pa 25 June 1962, ndipo pa mgwirizano wa ku Lusaka wa mu September 1974 anagwirizana ndi Apwitikizi kuti ufulu udzabwere pa 25 June 1975, tsiku lobadwa la chipanicho. Ifenso 6 July sanagwe kumwamba: Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958, ufulu unabwera pa 6 July 1964, ndipo dziko linakhala lipabuliki pa 6 July 1966. Mukaona tsiku likubwerezabwereza motero m'mbiri ya dziko limodzi, funsani kaye kuti analisankha ndani.

Nanga 23 June 2020, pamene Amalawi tinavotanso pa chisankho chobwereza cha pulezidenti? Ndinamvapo wina akunena mozama kuti ndi tsiku lomwelo limene anthu a ku Britain anavota mu 2016 kuti atuluke mu European Union, ndiye kuti 23 June ndi tsiku logwedeza maboma. Ayi ndithu. Khoti linagamula pa 3 February 2020 kuti chisankho chichitike pasanathe masiku 150, ndipo mukawerenga pa kalendala malire ake akugwera kumayambiriro kwa July. Tsiku linayenera kupezeka mkati mwa mpanda umenewo. Za ku Britain zinali ndi zifukwa zakezake. Zinangokumana pa njira ngati anthu awiri osadziwana ovala malaya ofanana.

Kubadwa kwa anthu otchuka ndiye kumene anthu amapusitsika kwambiri. Zoonadi, sabatayi ili ndi mayina olemera. Alan Turing, katswiri wa masamu amene maganizo ake ali pa phata pa kompyuta iliyonse, anabadwa pa 23 June 1912 ku London. Zinedine Zidane anabadwa pa 23 June 1972 ku Marseille, Lionel Messi pa 24 June 1987 ku Rosario, Benazir Bhutto, amene anakhala nduna yaikulu ya Pakistan, pa 21 June 1953 ku Karachi. Niccolò Machiavelli, wolemba za ndale wa ku Italy, anamwalira pa 21 June 1527, Sukarno, pulezidenti woyamba wa Indonesia, pa 21 June 1970. Okonda mpira amati onani, Zidane ndi Messi motsatizana! Koma chaka chili ndi mabokosi 365 okha, ndipo anthu otchuka ndi zikwi zambirimbiri. Bokosi lililonse liyenera kudzaza. Masamu ake ndi odabwitsa: mukasonkhanitsa anthu 23 okha, mwayi woti awiri mwa iwo ali ndi tsiku lobadwa limodzi umaposa theka, ndipo akafika 60 umapitirira 99 pa 100 alionse. Ndimayesa zimenezi m'kalasi chaka chilichonse. Ndimati aliyense atchule tsiku lake mokweza, ndipo kawirikawiri tisanafike mzere wachinayi wina amakuwa kuti "Inenso!" Ana amayang'anana ngati apeza m'bale wotayika.

Chimene chimandivuta ine pa mindandanda yotereyi n'china. Kuti munthu alowemo, pamafunika kuti wina analemba tsiku lake m'kaundula. Agogo anga ankati anabadwa chaka cha dzombe, ndipo mwana wawo woyamba anabadwa njala ya 1949 itangotha. Anthu otere, ngakhale akanachita zazikulu chotani, alibe bokosi pa kalendala. N'chifukwa chake ndandanda ya tsiku ngati lalero imadzaza ndi mafumu a ku Ulaya, ndipo womvera amatha kuganiza kuti kwina konse kunkangocha n'kuda.

Tsopano tsiku la 24 lenilenilo. Ngati usana wautali kwambiri kumpoto umakhala pa 20 kapena 21, bwanji Angerezi amatchula 24 June kuti Midsummer Day, tsiku la pakatikati pa chilimwe? Aroma akale, pa kalendala ya Julius Caesar, ankawerengera kuti dzuwa limatembenuka pa 24 June ndi pa 25 December. Mpingo utaika Khirisimasi pa 25 December, unaikanso kubadwa kwa Yohane M'batizi miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo mwake, potsatira Uthenga wa Luka umene umati Elizabeti anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi pamene mngelo anafika kwa Mariya. Tsiku la Yohane linakhala lalikulu: anthu ankasonkha moto usiku wake, ndipo ku England linali limodzi mwa masiku anayi a pa chaka olipirira lendi ndi kutha mapangano.

Nkhondo ya Bannockburn inabadwa m'pangano lotero. Asikoti atazinga linga la Stirling, mkulu wa lingalo, Philip Mowbray, analonjeza kuti alipereka ngati asilikali a England sadzafika kudzamupulumutsa pofika 24 June 1314. Mfumu Edward II ya ku England inathamanga ndi gulu lalikulu kuti isaphonye tsikulo, inafika pa 23 anthu ndi akavalo ali wefuwefu, ndipo mawa lake Robert Bruce, mfumu ya Asikoti, amene anali ndi asilikali ochepa kwambiri poyerekeza, anaibalalitsa. Apa tinganene kuti tsiku la pa kalendala linaitanadi nkhondo, koma linaitana ngati mmene tsiku lobweza ngongole limaitanira mkangano. Henry VIII nayenso anavekedwa ufumu wa England pa 24 June 1509, pa chikondwerero chomwecho.

Koma kalendala ya Caesar inali ndi kachilema. Chaka chake chinali chotalikirapo ndi mphindi 11, zimene zimakwana tsiku lathunthu pa zaka 128 zilizonse. Pofika nthawi ya Bannockburn, dzuwa linkatembenuka masiku khumi tsiku la Yohane lisanafike. Papa Gregory XIII anakonza zimenezi mu 1582 podumpha masiku khumi: anthu anagona pa 4 October n'kudzuka pa 15. Britain inakana mpaka 1752, pamene 2 September anatsatiridwa ndi 14. Russia inadikira mpaka 1918. Choncho 22 June 1633, tsiku limene Galileo, katswiri wa zakuthambo, anagwada ku Rome n'kukakamizidwa kukana kuti dziko limazungulira dzuwa, ku London linali 12 June.

Izi ndinamuuza mtsikana uja belu litalira kale, anzake akuthamangira padzuwa. Ndinamuonetsa kuti m'zaka za m'ma 1800 kalendala ya ku Russia inkatsalira ndi masiku 12. Msilikali wa ku Russia amene anaima kutsidya kwa Niemen n'kuona Afalansa akuwoloka pa milatho itatu, akanafunsidwa tsiku, akanayankha kuti lero ndi pa 12 June. Anayang'ana m'kope mwake mmene anali atalemba 22 ndi 24 moyandikana n'kuzizunguliza ndi cholembera chofiira, kenako anafunsa kuti pa mayeso alembe liti. Ndinati alembe 24.