N'chifukwa chiyani Linux simangolowa mu tabuleti iliyonse?

M'madirowa a maofesi ambiri muno mu Mzuzu mukugona matabuleti ndi mafoni osawonongeka kanthu. Sikirini ili bwinobwino, batire likusunga moto, koma Android yake ndi yakalekale, mapulogalamu atsopano akukana kulowa, ndipo kampani imene inapanga chipangizocho inaleka kale kuchisamalira. Amene anamvako za Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, amafunsa kuti, poti ndi yaulere ndipo aliyense ali ndi ufulu woisintha, bwanji osangofufuta zakalezo n'kuikamo iyoyo monga timachitira ndi laputopu? N'zotheka ndithu, koma si ntchito yofanana ndi kufulasha foni kumene anyamata a pamsika amatha musanamalize n'komwe chipisi chanu. Ife a ntchitoyi timaitcha porting: kutenga operating system, pulogalamu yaikulu yoyendetsa chipangizo chonse, imene inalembedwera makina ena n'kuiphunzitsa kuyendetsa makina achilendo.

Ntchitoyi si ya lero. Linus Torvalds anayamba kulemba Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo ankalembera kompyuta yake yokha, ya purosesa ya Intel 386. Pofika 1995 anthu anali ataisamutsira kale pa mapurosesa ena monga Alpha. Mu 1998 Jeff Dionne ndi Kenneth Albanowski anaiyendetsa pa PalmPilot, kakompyuta kolowa m'thumba la malaya. Compaq itatulutsa iPAQ mu 2000, ya liwiro la 206 MHz ndi memory ya 32 MB, imabwera ndi pulogalamu ya Microsoft, koma sipanatenge nthawi anthu anaikamo Linux. Android imene ili m'foni mwanuyo nayonso pansi pake pali Linux.

Ambiri amaganiza kuti chovuta ndi purosesa, ubongo wa chipangizo. Ayi. N'zoona kuti laputopu yanu ili ndi purosesa ya Intel kapena AMD pomwe pafupifupi foni ndi tabuleti iliyonse ili ndi ya mtundu wa ARM, ndipo malamulo amene ziwirizi zimamva ndi osiyana. Koma mbali yaikulu ya Linux inalembedwa m'chilankhulo cha C, ndipo pali pulogalamu, cross-compiler, imene imakhala pa laputopu n'kumatembenuza zolembazo kuti ARM imve. Izi zinatheka kalekale, n'zongotenga.

Pamene pamagona nkhani ndi pa tizipangizo tozungulira purosesayo. Makaniko aliyense wa ku Luwinga angakuuzeni kuti kupachika injini ya galimoto ina mu minibasi si kovuta. Chimene chimadya masiku ndi mawaya, giyabokosi ndi mapaipi amene sakukumana. Laputopu inapangidwa kuti izidzifotokoza yokha. Mukaiyatsa, operating system imafunsa kuti muli zotani muno, ndipo sikirini, disiki ndi kiyibodi zimayankha. Tabuleti siyankha. Palibe chimene chimauza Linux kuti memory ikuyambira pati, batani lokwezera mawu lalumikizidwa ku mwendo uti wa chip, kapena sikirini imafuna magetsi ochuluka bwanji ndiponso ayambe kulowa ndi mbali iti. Munthu ayenera kulemba zonsezi pamanja mu fayilo yotchedwa device tree. Njira imeneyi inafala pa ARM cha m'ma 2011, Torvalds atadandaula kuti bodi iliyonse ikubwera ndi mulu wakewake wa zolemba mkati mwa kernel, womwe ndi mtima wa Linux. Ndipo matabuleti awiri a dzina limodzi, ogulidwa sitolo imodzi, akhoza kukhala ndi masikirini ochokera ku mafakitale osiyana, kotero fayilo imene yayatsa imodzi imasiya inzake ili bii.

Nanga sikirini ikakhala yakuda, mudziwa bwanji ngati chinthu chikuyenda? Apa m'pamene timatsegula chipangizocho. Pa bodi pamakhala timadontho ta mkuwa tating'ono ngati mutu wa singano, timene akatswiri a ku fakitale ankagwiritsa ntchito poyesa. Titatu mwa ito n'timene timasaka: kotumiza, kolandira ndi ka nthaka. Timawotchererapo mawaya atatu owonda ngati tsitsi, n'kuwalumikiza ku laputopu kudzera pa kachipangizo ka USB. Nthawi zambiri liwiro lake timaika pa 115200. Mukalakwitsa nambalayi, pa laputopu pamangotuluka zilembo zopanda mutu, koma katswiri akaziona amamwetulira, chifukwa zikusonyeza kuti dontho walipeza lolondola. Chenjezo kwa achinyamata a ku Mzuni amene angafune kuyesa: mafoni ambiri pamenepa amayendera 1.8V, ndipo kachipangizo ka 5V kakhoza kuwotcha chip pomwepo. Yezani kaye ndi mita.

Mzere woyamba wa mawu omveka ukatuluka pa mawayawo, ntchito yeniyeni yayamba. Koma kuti mufike pamenepo muyenera kudutsa bootloader, kapulogalamu kamene kamadzuka koyamba mukadina batani, n'kukatenga kernel ndi kuiika mu memory. Makampani ambiri amakakhoma kuti kazingovomera pulogalamu yokhala ndi chidindo chawo. Ena amalola kuti mwini foni atsekule, ena sakufuna n'komwe, ndipo pamenepo ulendo umathera pakhomo. Kuika bootloader yatsopano mu chipangizo nakonso n'koopsa: magetsi akazima kapena waya akasuntha ili mkati, chipangizocho sichiyakanso, pokhapokha mutakhala ndi zida zolembera chip mwachindunji. Kuno kwathu ndimalangiza kuti laputopu ikhale yodzaza moto musanayambe.

Zikatero mumayamba kudzutsa ziwalo chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chimafuna driver yakeyake, kapulogalamu kouza Linux mmene chiwalocho chimayendera: memory yosungira zinthu, USB, sikirini, galasi lomva chala, WiFi, mawu. Kamera ndi mbali yoimbira foni zimakhala kumapeto, ndipo nthawi zambiri safikako.

Apa m'pamene anthu okonda mapulogalamu aulere amakhumudwa. Linux ndi yotseguka, koma zitsulo zimene ikuyendetsa si zotseguka. Laisensi ya Linux, GPL, imakakamiza aliyense wogulitsa chipangizo chokhala ndi Linux kuti apereke source code ya kernel yake, kutanthauza zolemba zake zimene munthu angawerenge ndi kusintha. Ena amapereka, ena amangokhala chete. Ngakhale amene amaperekawo, zimene mumalandira zimakhala kernel yakale yosokedwasokedwa mothamanga kuti katundu apite kumsika, yosatheka kuilumikiza ndi Linux ya lero. Komanso mbali zofunika kwambiri, monga zojambula zithunzi pa sikirini ndi kamera, zimabwera zotsekedwa, zosawerengeka, ndipo mabuku ofotokoza chip amaperekedwa kwa makampani okhaokha amene asayina kuti sadzaulula. Chotsala n'kuzonda: kuonetsetsa zimene driver yotsekedwayo ikutumiza ku chip, kuzilemba, n'kuyesa kuzibwereza. Umu ndi mmene anthu odzipereka analembera ma driver a ma chip ojambula zithunzi, Lima ya otchedwa Mali ndi Freedreno ya otchedwa Adreno, ndipo zinawatengera zaka.

Pali chinthu china chimene sichioneka pa zithunzi zimene anthu amanyadira pa intaneti, ndicho moto. Tabuleti imatha tsiku lonse chifukwa nthawi yambiri imakhala ikugona, chiwalo chilichonse chitazimitsidwa mwadongosolo n'kudzadzutsidwa mukadina batani. Driver imodzi yokha ikapanda kudziwa kugona, batire limatha pa maola ochepa ndipo chipangizo chimatentha m'thumba. Kwa ine port imene siinafike apa siinathe, ngakhale sikirini iwale bwanji. Mlangizi wa zaumoyo wopita ku Mpherembe kapena ku Usisya alibe potchajira masana.

Ngati muli ndi chipangizo chogona, musayambe ndi kuchitsegula. Pali ntchito yotchedwa postmarketOS, imene inayamba mu 2017 ndi cholinga choti mafoni azikhala zaka 10, ndipo ili ndi mndandanda wa zipangizo mazana angapo, chilichonse chitalembedwa zimene zikugwira ndi zimene zikukana. Yang'anani nambala yeniyeni ya modelo yanu ndi dzina la chip, osati dzina la pa katoni lokha. Kwa amene mumagula matabuleti ambiri nthawi imodzi, a sukulu ndi a mabungwe, mafunso awiri kwa wogulitsa angakupulumutsireni ndalama: bootloader imatsekuka kodi, ndipo source code ya kernel ilipo? Ndipo tabuleti imene kamera yake yakana koma WiFi ikugwira musaitaye. Ikakhala pa chaja mu laibulale, ndi pulogalamu ngati Kiwix imene imasunga Wikipedia popanda intaneti, ana a kalasi yonse akhoza kumawerenga pa mafoni awo kuchokera pa iyo.